Mayi Amene Mumawamanga Pansonga ya Chitenje

Amayi, musanapitirire kuwerenga, masulani pansonga ya chitenje kapena tsegulani kachikwama kanu muone ngati muli K200. Ndalama imeneyi masiku ano sigula zambiri. Pamsika wa Benga, kuti mutenge mulu wa usipa muyenera kuiphatikiza ndi zinzake zingapo. Komabe iyang'anitsitseni. Kutsogolo kwake kuli nkhope ya mayi. Mwa anthu onse amene nkhope zawo zili pa ndalama zathu zapepala, mafumu, mbusa ndi atsogoleri andale, mayi ndi mmodzi yekhayu. Mukaitembenuza, kuseri kwake mupeza Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe.

Mayiwa ndi Rose Lomathinda Chibambo, mayi woyamba kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo m'dziko muno. Tsiku ndi tsiku mumawapereka kuchigayo, kwa wakabaza, kapena ku banki m'khonde, koma ndi ochepa amene amadziwa kumene adachokera ndi zimene adakumana nazo. Tiyeni tione mbali zonse ziwiri za ndalamayi: munthu amene ali kutsogolo, ndi nyumba imene ili kuseri, chifukwa zimene zimakambidwa m'nyumba imeneyo zimafika mpaka kusikelo, kumjigo ndi pakhomo panu.

Mwana wa ku Kafukule

Rose adabadwa pa 8 Sepitembala 1928 ku Kafukule, m'boma la Mzimba, m'banja la a Ziba. Dzina loti Lomathinda limatanthauza wolanditsidwa kumanda. Inu amayi mukudziwa kuti dzina lotere silibwera chabe. Ndi dzina la nthawi imene kubadwa kwa mwana kunkayenda limodzi ndi mantha, pamene zipatala zidali kutali ndipo makanda ambiri sankafika chaka.

Mu 1947 adakwatiwa ndi a Edwin Chibambo, mwana wa Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni. A Edwin atapeza ntchito m'boma, banjali lidasamukira ku Zomba, kumene kudali likulu la dziko la Nyasaland. Kumeneko mayi Chibambo, ali kale pabanja, ankapita kusukulu yamadzulo kuti apitirize maphunziro awo. Mfundo imeneyi isatipitirire. Munthu amene pambuyo pake adadzayankhula m'Nyumba ya Malamulo sadachite manyazi kukhala pa benchi la sukulu ali mayi wapakhomo.

Adayamba ndi zimene zinkawawa amayi

Mu 1952 dziko lidali pa mkangano waukulu. Boma la Britain linkafuna kulumikiza Nyasaland ndi maiko a Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, amene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe, kukhala chitaganya chimodzi. Mafumu ndi anthu ambiri akuda adakana, poopa kuti ulamuliro ukhala m'manja mwa azungu a ku Salisbury mpaka kalekale. Misonkhano ya chipani cha Nyasaland African Congress inkachitika, koma odzaza m'misonkhanomo adali abambo okhaokha. Mayi Chibambo adaona kuti nkhani yokhudza dziko lonse ikukambidwa ngati kuti m'dzikomo mulibe amayi.

Adayamba kuyendera anzawo m'makomo, ambiri mwa iwo akazi a anthu ogwira ntchito m'boma, ndi kuwaitana kuti azikumana. Poyamba nkhani zawo zidali zimene amayiwo ankakumana nazo okha: kugulitsidwa katundu pawindo m'masitolo ena m'malo molowa mkati, ndi kusalemekezedwa kuchipatala, kumene mayi ankatha kupimidwa popanda chinsinsi. Kuchokera pa zimenezo amayi adayamba kuona okha kuti kunyozedwa pawindo la sitolo ndi nkhani ya chitaganya zidali ndi muzu umodzi.

Chitaganya chidakhazikitsidwa mu 1953 anthu akukana chomwecho. Banja la a Chibambo litasamukira ku Blantyre, mayiwa adalowa m'nthambi ya chipani ya kumeneko ndipo adasankhidwa kukhala msungichuma, udindo umene nthawi imeneyo unkaoneka ngati wa abambo. Adapitiriza kusonkhanitsa amayi mpaka padabadwa bungwe la amayi la chipanicho, limene iwo adalitsogolera. Mmodzi mwa amene adagwira nawo ntchito imeneyi adali mayi Vera Chirwa, amene pambuyo pake adadzakhala loya woyamba wamkazi m'Malawi.

Khanda m'ndende ya Zomba

Dr Hastings Kamuzu Banda adabwerera kumudzi pa 6 Julayi 1958 kudzatsogolera chipani, ndipo nkhondo yolimbana ndi chitaganya idafika pachimake. Pa 3 Marichi 1959 boma la atsamunda lidalengeza kuti dziko lili pachiopsezo, ndipo lidayamba kumanga atsogoleri a chipani m'dziko lonse. Tsiku lomwelo ku Nkhata Bay, m'mphepete mwa nyanja yomwe ino, asilikali adawombera ndi kupha anthu amene adasonkhana padoko pofuna kuti abale awo omangidwa amasulidwe. N'chifukwa chake mpaka lero pa 3 Marichi timakumbukira anthu ofera dziko.

Mayi Chibambo sadawatenge tsiku limenelo chifukwa adali oyembekezera, masiku atatsala pang'ono. Apolisi adangodikira. Atangochira mwana wamkazi, pasadathe ndi sabata yomwe, adawatenga pamodzi ndi khandalo kupita nawo kundende ya Zomba. Mwanayo adamutcha Gadi, dzina lochokera kwa alonda a kundende. Adakhala m'menemo kupitirira chaka.

Inu amene mudakhalapo m'chikuta mukudziwa mmene thupi limakhalira masiku oyambawo, ndi mmene mayi amafunira phala lotentha, madzi osamba ndi wina womugwirira mwana kuti apumeko. Ganizirani masiku amenewo munthu ali m'chitolokosi, ana ena atatsala kunyumba. Umenewo ndiwo mtengo umene nkhope ya pa K200 idalipira.

Atatuluka mu 1960 adabwerera ku ntchito yosonkhanitsa amayi, tsopano pansi pa chipani chatsopano cha Malawi Congress Party. Chaka chomwecho, mu Sepitembala, chipanichi chidachita msonkhano wake waukulu kuno ku Nkhotakota, ndipo pamsonkhano umenewo Dr Banda adapatsidwa udindo wa mtsogoleri wamuyaya wa chipani. Anthu adali pachimwemwe cha ufulu umene unkabwera, ndipo ndi ochepa amene adaima kuti afunse kuti mphamvu yopanda malire idzathera kuti.

Nkhani ya tiki

Pachisankho cha Epulo 1964, mayi Chibambo adakhala phungu wa dera la Mzimba South. Monga anzawo onse a chipani chawo chaka chimenecho, adalowa popanda wopikisana naye. Adasankhidwanso kukhala wachiwiri kwa nduna, mayi woyamba kufika pa udindo wotere. Nyumba ya Malamulo nthawi imeneyo idali ku Zomba, tauni yomwe ija adakhalamo m'ndende zaka zisanu m'mbuyomo. Pa 6 Julayi 1964 dziko lidalandira ufulu wodzilamulira.

Chimwemwecho sichidakhalitse. Pasadathe miyezi iwiri, nduna zambiri zidasemphana maganizo ndi Dr Banda, amene adali nduna yaikulu. Zidadandaula kuti amagamula zinthu yekha osafunsa anzake, kuti maudindo akuluakulu m'boma akuchedwa kuperekedwa kwa Amalawi, ndiponso kuti akugwirizana ndi boma la Portugal limene linkalamulira Mozambique. Padalinso dandaulo lina limene likukhudza inu mwachindunji. Boma lidalamula kuti aliyense wopita kukalandira mankhwala kuchipatala cha boma azilipira tiki, ndiye kuti makobiri atatu. Kwa munthu wolandira malipiro pamwezi, tiki idali yaing'ono. Kwa mayi wakumudzi amene mwana wake watentha thupi usiku, tiki ikanatha kukhala chifukwa chogonera kunyumba osapita kuchipatala. Nduna zija zidati anthu sadamenyere ufulu kuti adzayambe kulipira zimene kale ankalandira ulere.

Pa 7 Sepitembala 1964 Dr Banda adachotsa nduna zitatu, a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume ndi a Augustine Bwanausi, pamodzi ndi mayi Chibambo. A Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Henry Masauko Chipembere adatula pansi maudindo awo pogwirizana ndi anzawowo. M'mawa mwake, pa 8 Sepitembala, tsiku limene mayi Chibambo adakwanitsa zaka 36, Nyumba ya Malamulo idakumana kukambirana nkhaniyi. Aphungu adaima mmodzimmodzi kulonjeza kukhulupirika kwawo kwa Dr Banda, ndipo ochotsedwawo adayamba kutchedwa oukira. Mayi Chibambo adaimirira m'nyumbamo kudziteteza, mayi pakati pa abambo okwiya.

Pambuyo pake moyo wawo udali pachiswe. Adathawira ku Zambia, ndipo kumeneko adakhalako pafupifupi zaka 30. Dzina lawo lidasiya kutchulidwa poyera, ndipo ana asukulu a nthawi imeneyo adakula osalimva.

Kubwerera kumudzi

Njira yobwerera idayamba kutseguka pa 8 Marichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi onse m'dziko muno. Ena mwa inu mudali m'tchalitchi tsiku limenelo. Kalatayo idakamba za kusowa kwa ufulu woyankhula, komanso za sukulu ndi zipatala zodzaza, ndi kusiyana kwa chithandizo pakati pa olemera ndi osauka. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavota pa riferendamu kusankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 padachitika chisankho. Chaka chimenecho mayi Chibambo adabwerera kumudzi ndi kukakhazikika ku Mzuzu.

Sadabwererenso ku Nyumba ya Malamulo. Zaka zawo zotsiriza adazipereka ku ntchito za mpingo ndi zachifundo, makamaka zothandiza ana amasiye ndi akaidi, anthu amene moyo wawo ankaudziwa bwino. Mu 2012 nkhope yawo idaikidwa pa K200. Adamwalira pa 12 Januwale 2016 ali ndi zaka 87, ndipo adaikidwa ku Mzuzu mwaulemu wa boma.

Mukawerengera bwino, mupeza kuti mayiwa adatha zaka 12 akusonkhanitsa amayi asadakhale phungu, pa udindo wa wachiwiri kwa nduna adakhalapo miyezi yowerengeka, ndipo kunja kwa dziko adakhalako zaka pafupifupi 30. Mpando udali waufupi kuposa zonse. Chimene chidawafikitsa pampandopo ndi ntchito imene inu mumaidziwa kale: kugogoda pakhomo la mnzako, kusunga bwino ndalama za gulu, ndi kuyankhula pamene ena akuopa.

Titembenuze ndalamayi

Nyumba imene ili kuseri kwa K200 idatsegulidwa mu 2010 ku Lilongwe. Kuyambira pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, madera a aphungu alipo 229, pamene kale adali 193. Boma lathu la Nkhotakota si lachilendo m'nyumbayi, pakuti a Henry Chimunthu Banda, phungu wa Nkhotakota North, adali Sipikala kuyambira 2009 mpaka 2014. Mayi woyamba kukhala Sipikala adali a Catherine Gotani Hara mu 2019, patatha zaka 55 chilowereni mayi Chibambo. Ulendowu wakhala wapang'onopang'ono. Pachisankho cha 2014, mwa aphungu 193, amayi adali 32 okha, chonsecho amayi ndiwo ochuluka m'dziko muno ndi pamizere yovotera.

Nanga phungu ntchito yake n'chiyani? Ambiri timamudziwa ngati munthu wogula bokosi pamaliro, wopereka galimoto yonyamula wodwala, kapena wolipirira mwana fizi. Zimenezi zimathandiza pa tsiku la mavuto, ndipo palibe amene angamunyoze wolandira. Koma si zimene malamulo adamutuma. Ntchito zake zenizeni ndi zitatu.

Yoyamba ndi kupanga malamulo. Bilu ikabwera m'nyumbamo, aphungu amaikambirana, kuisintha ndi kuivotera, kenaka imapita kwa Pulezidenti kuti asayine.

Yachiwiri ndi kuvomereza bajeti ndi kulondoloza mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, choncho aphungu amakambirana bajeti m'miyezi ya Febuluwale ndi Marichi. M'menemo ndimo mumadziwika kuti ndalama zogulira mankhwala, zolembera anamwino ndi azamba, ndi zokonzera misewu zikhala zingati. Mu 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa adalonjeza ku Abuja, m'dziko la Nigeria, kuti pa K100 iliyonse ya bajeti, K15 izipita ku zaumoyo. Phungu wanu ali ndi ufulu wofunsa kuti lonjezo limeneli tafika nalo pati.

Yachitatu ndi kukuyimirani. Phungu angathe kufunsa nduna funso m'nyumbamo, ndipo nduna iyenera kuyankha poyera. Angathenso kutengera nkhani ku komiti ya aphungu yoona zaumoyo. Bokosi limodzi limathandiza banja limodzi, koma funso lofunsidwa bwino lokhudza ambulansi kapena mankhwala a malungo likhoza kuchepetsa maliro m'dera lonse.

Nkhani ya tiki ija sidathe. Lero kuzipatala za boma munthu salipira kuti aonane ndi dokotala. Koma m'madera ambiri akumudzi chipatala chapafupi ndi cha mpingo, cha pansi pa bungwe la CHAM, kumene odwala amalipira. Pofuna kuthandiza amayi a m'madera otere, boma limachita mgwirizano ndi zipatala zina za CHAM kuti lizilipira m'malo mwa amayi oyembekezera ndi makanda. Mgwirizano wotere umayenda ngati ndalama zake zili mu bajeti ndipo zikufika m'nthawi yake. Apa ndi pamene voti ya phungu ku Lilongwe imakumana ndi mayi amene ali kuchidikiro kuno kunyanja.

Khansala ali pafupi

Kupatula phungu, mumavoteranso khansala wa wodi yanu. Iyeyu sapita ku Lilongwe. Amakhala m'khonsolo ya boma la Nkhotakota, imene imapanga malamulo ang'onoang'ono a m'boma muno, imavomereza bajeti ya khonsolo, ndi kugamula kuti chitukuko chiyambire kuti. Lamulo la maboma ang'ono lidakhazikitsidwa mu 1998 ndipo makhansala oyamba pansi pa lamuloli adasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko lidakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda makhansala, mpaka chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014. Mwina n'chifukwa chake ambiri tidazolowera kuthamangira kwa phungu pa chilichonse.

Koma nkhani zambiri za tsiku ndi tsiku njira yake ndi ya kufupi. Mjigo ukawonongeka, msika ukasowa zimbudzi, kapena denga la sukulu likasasuka, nkhani imayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, imene imakhala pansi pa gulupu. Kuchokera apo imapita ku komiti ya ADC, ya dera la mfumu yaikulu, ndipo khansala amaitengera kukhonsolo. Pachipatala chilichonse chaching'ono payenera kukhalanso komiti ya anthu a m'midzi yozungulira, imene imaonerera mankhwala akamafika ndi kumva madandaulo a odwala. Kodi mukudziwa amene ali m'makomiti amenewa kwanuko? Muli amayi angati? Kodi amayankhula, kapena amangosayina dzina ndi kukatereka madzi a tiyi?

Palinso thumba la chitukuko la CDF, limene lidayamba mu 2006. Mukaona mlatho waung'ono, chipinda chophunziriramo kapena nyumba ya mzamba yomangidwa ndi thumba limeneli, dziwani kuti ndalamazo si za m'thumba mwa munthu. Ndi ndalama za misonkho, zimene inunso mumalipira pogula sopo, shuga ndi mayunitsi a foni. Kuthokoza ndi khalidwe labwino, koma kufunsa kuti zidabwera zingati ndipo zagwira ntchito yanji si mwano. Kuyambira mu 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kumaofesi a boma likugwira ntchito, ndipo likukhudza inunso.

Malamulo amene adafika pakhomo panu

Wina anganene kuti zokamba za ku Lilongwe sizidyetsa mwana. Taonani malamulo awa, amene aphungu adavomereza, ambiri mwa iwo amayi a m'nyumbamo ndi mabungwe a amayi atalimbikira.

Mu 2006 padabwera lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja. Nthawi imeneyo nduna yoona za amayi idali mayi Joyce Banda, amene mu 2012 adakhala Pulezidenti woyamba wamkazi wa dziko lino. Lamuloli limalola munthu wochitiridwa nkhanza kupempha khoti kuti limuletse womuzunzayo.

Mu 2011 padabwera lamulo la chuma cha masiye. Limaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Kuno kunyanja, kumene bwato, injini ndi maukonde ndizo chuma cha banja, mayi wamasiye ayenera kudziwa kuti achibale a malemu alibe ufulu wongobwera ndi kunyamula zonse maliro atangotha.

Mu 2013 padabwera lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi. Limaletsa miyambo yovulaza, ndipo limati polemba anthu ntchito m'boma, mbali imodzi isapitirire 60 pa 100 alionse ndipo ina isachepere 40.

Mu 2015 lamulo la maukwati lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Koma malamulo aakulu a dziko ankalolabe mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, choncho mu Febuluwale 2017 aphungu adasintha malamulo aakuluwo kutseka mpata umenewo. Lero mtsikana wa sitandade 7 akafunsiridwa ndi mwini maukonde, ngakhale makolo atavomera, lamulo likukana.

Malamulo amenewa ali m'mabuku, koma buku silidziwerenga lokha. Lamulo limayamba kugwira ntchito tsiku limene mayi wina wa m'bungwe aperekeza mnzake kwa mfumu, kupolisi kapena kukhoti, akudziwa chimene lamulo likunena.

Poyambira pake

Choyamba, pamsonkhano wanu wotsatira wa bungwe, gwirizanani vuto limodzi kapena awiri okha amene akuvutitsa amayi ndi ana kwanuko. Kaya ndi mtunda wopita kusikelo, kaya ndi madzi abwino pofuna kupewa kolera ndi likodzo, kaya ndi atsikana osiya sukulu. Mlembi alembe zimene mwaona ndi maso anu: mudzi uti, mwezi uti, mabanja angati. Dandaulo lokhala ndi masiku ndi manambala n'lovuta kulikankhira kumbali.

Chachiwiri, siyanitsani za khansala ndi za phungu. Za mjigo, msika ndi chimbudzi zipite ku VDC, ku ADC ndi kwa khansala. Za bajeti ya mankhwala, kuchuluka kwa anamwino ndi kusintha lamulo zipite kwa phungu, ndipo zimufike Febuluwale asadakwane, bajeti isadakambidwe.

Chachitatu, muitaneni ndi kalata, ndipo musunge ina yofanana nayo. Akabwera, mulandireni mwaulemu monga mlendo aliyense, mosayang'ana chipani chake, chifukwa akasankhidwa ndi phungu wa onse. Mufunseni kuti wayankhulapo chiyani m'nyumbamo chokhudza dera lino, ndipo adzabweranso liti kudzakuuzani yankho. Zimene walonjeza zilembedwe m'buku la bungwe. Paja safunsa adadya phula.

Chachinayi, chenjerani ndi za m'manja pa nthawi ya kampeni. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa opikisana kugawa ndalama ndi mphatso pofuna mavoti. Gawo 64 la malamulo aakulu, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isadathe, lidachotsedwa mu 1995. Choncho amene mwamusankha mukhala naye zaka zisanu. Chitenje cha kampeni chimasuluka zakazo zisadathe.

Chomaliza, yang'anani pakati panu. M'bungwe lililonse muli mayi amene buku lake la ndalama silisowa ngakhale tambala, amene akayankhula pamaliro kapena pamlandu anthu amakhala chete. Mayi wotere angathe kukhala m'komiti ya chipatala, mu VDC, mu ADC, ndipo tsiku lina pa mpando wa khansala kapena wa phungu. Malamulo amati wofuna uphungu akhale nzika ya zaka zosachepera 21, yolembetsa m'kaundula wa ovota, ndipo yodziwa kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana. Ngati sukulu idamuthera panjira, mukumbutseni za sukulu yamadzulo ya ku Zomba ija. Akaimirira, adzanenedwa zambiri, ndipo mawu ena opweteka adzachokera kwa amayi anzake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mayi Chibambo nawo sadayende okha, adayamba ndi anzawo ochepa amene adavomera kubwera pamsonkhano woyamba.

Tsopano ibwezeni K200 ija pansonga ya chitenje. Mukadzaipereka kwa mwana wanu wamkazi kapena mdzukulu kuti akagule machesi, muimitseni kaye pang'ono, mumuonetse nkhopeyo, ndi kumuuza dzina lake lonse: Rose Lomathinda Chibambo.